Mbatatesi ya m'Citini ndi Anthu Osungira Tsiku la Tsoka

Aphunzitsi, ngati mwabwera ndi mbatata ya kacewere, imene ambiri a ife timaicha mbatatesi, iikeni pa tebulo pamene mwana aliyense angathe kuiona. Pacikaninso mapu a dziko lonse lapansi, pakuti lero tiyenda ulendo wautali ndipo tidzafuna kuloza malo angapo. Bolodi likhale lofufuta bwino, cifukwa cakutsogoloku kuli masamu.

Ulendo wathu uyambira ku Texas, cigawo cacikulu ca kumwera kwa dziko la United States of America. M'mwezi wa Febuluwale caka ca 2021 kumeneko kunagwa cisanu coopsa cimene eni dziko sanacizolowere. Makina ambiri opanga magetsi analeka kugwira nchito cifukwa ca kuzizira, kotero kuti nyumba zoposa mamiliyoni 4 zinakhala mumdima, zina kwa masiku angapo. Madzi anaundana m'mipope, mipopeyo niphulika. Miseu inaterera, magalimoto obweretsa zakudya analephera kuyenda, ndipo m'masitolo ambiri amene anatsegula zitseko munatsala mashelufu okhaokha. Boma la Texas litawerenga pambuyo pace linapeza kuti anthu 246 anataya miyoyo yao. Taganizani, ananu: dziko lolemera, munthu ali ndi ndalama m'thumba, koma alibe poti agule cakudya, alibe moto wophikira, ndipo pa mpope sipatuluka ngakhale dontho.

M'dziko limenelo, ndi m'maiko ena a Azungu, muli anthu amene safuna kuti tsoka lotere liwadzidzimutse. Anzao amawacha preppers, dzina locokera ku liu la Cingelezi lotanthauza kukonzekera. Ife tingowachula kuti okonzekera. Anthu amenewa amasunga m'nyumba zao, kawirikawiri m'cipinda ca pansi pa nthaka, cakudya, madzi, mankhwala, nyali ndi mabatire, ena zokwanira masabata, ena miyezi, ena mpaka caka cathunthu. Khalidwe limeneli silinayambe dzulo. M'caka ca 1961, pamene America ndi Soviet Union anali kuopsezana ndi mabomba a nyukiliya, Pulezidenti John Kennedy anapempha ndalama zokonzera malo obisalamo anthu ndi kuikamo cakudya ndi madzi, ndipo mkangano wa ku Cuba wa mu Okutobala 1962 unaonjezera mantha amenewo. M'caka ca 1999 ambiri anagula zitini poopa kuti makompyuta adzasokonezeka pa 1 Januwale 2000. Tsikulo linafika, kunja kunaca monga masiku onse. Koma mkuntho wa Katrina umene unamiza mzinda wa New Orleans mu Ogasiti 2005 sunali nthano, ndipo mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, anthu a m'mizinda yaikulu anadzionera okha mashelufu opanda kanthu. Palinso mpingo wa Latter-day Saints, umene likulu lace lili ku Salt Lake City, m'cigawo ca Utah. Mpingo umenewu wakhala ukuphunzitsa anthu ace kwa zaka zambiri kusunga cakudya m'nyumba, ndipo zambiri zimene okonzekera amadziwa anazitola kumeneko.

Mukalowa m'cipinda ca wokonzekera mudzaona zitini zazikulu zitandandalikidwa: tirigu, mpunga, nyemba, shuga, mkaka wa ufa. Pakati pa zimenezi kawirikawiri pamakhala citini copepuka modabwitsa, cimene mukacigwedeza cimalira ngati muli masamba ouma. Mukacitsegula mupeza tizidutswa toyera, topyapyala, tonga mamba a nsomba. Imeneyo ndi mbatatesi imene inaphikidwa kale, nikanyidwa, niumitsidwa. Azungu amaicha instant mashed potatoes, kunena kuti mbatatesi yokanya ya pompopompo. Munthu amangothira madzi otentha ndi kutakasa pang'ono, ndipo mphindi ziwiri zisanathe ali ndi mbale ya cakudya cofewa conga futali wopanda nsinjiro. Funso lathu lero ndi lakuti: kodi cakudya cimeneci cimakhalitsa bwanji, ndipo kodi munthu angacidalire mpaka pati pa tsiku la tsoka?

Mwana mmodzi anyamule mbatatesi ili pa tebuloyo. Ikulemera, si conco? Kulemera kwambiri kumeneko ndi madzi. Pa magawo 10 alionse a mbatatesi yaiwisi, pafupifupi magawo 8 ndi madzi okhaokha, ndipo cakudya ceniceni ndi magawo awiri otsalawo. Ndiponso mbatatesiyo, ngakhale yangoti duu ngati mwala, ili ndi moyo. Imapuma, ndipo ikakhala miyezi ingapo pamalo ofunda imaphuka, nifota. Ikakhala poyera imasanduka yobiriwira, ndipo pobiriwirapo ndi m'mphukira zace muli poizoni wosanzitsa ndi wotsegula m'mimba. Mukaona yotero musaidye. Nato tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timaoletsa zakudya, timadalira madzi, ndipo pouma sitingathe kuswana. Tsono nzeru yace ndi yosavuta kuinena: ukacotsa madzi, cakudya cimakhalitsa.

Nzeru imeneyi sinabadwire m'fakitale iai. Aphunzitsi, ikani cala pa Lusaka ndi kuciyendetsa molunjika kumadzulo, kudutsa Angola, kuoloka nyanja ya Atlantic, kudutsa Brazil, kufikira pa malire a Bolivia ndi Peru. Pamenepo mupeza nyanja ya Titicaca, pakati pa mapiri a Andes. Kumeneko ndiko kwao kwa mbatatesi, ndipo anthu anayamba kuilima zaka zikwi zingapo zapitazo. Popeza ali kumwera kwa dziko monga ife, cisanu cao cimagwa mu Juni ndi Julaye, miyezi yomweyo imene ife kuno timaothera moto. Koma iwo amakhala pamwamba kwambiri, mamita 3,800 kucokera pa nyanja ya mcere, motero usiku madzi amaundana, pamene usana dzuwa limaomba mwamphamvu. Anthu a mitundu ya Quechua ndi Aymara amayala mbatatesi zing'onozing'ono pabwalo. Usiku zimauma gwa ndi cisanu, m'mawa zimasungunuka nizifewa. Akapita mausiku atatu kapena kuposa, banja lonse limaziponda ndi mapazi. Madzi amafinyika, makoko amasupuka, ndipo zotsalazo amaziumitsa pa dzuwa. Cimene cimatsala ndi kanthu kakuda, kolimba, kopepuka, kochedwa chuño, kamene kamakhala zaka zambiri osaonongeka. Mafumu a Inca anali kusunga chuño m'nkhokwe zomangidwa m'mbali mwa mapiri, kuti adyetse asilikari ao ndi kupulumutsa anthu m'caka ca njala. Anthu a ku Spain atalanda dzikolo m'zaka za m'ma 1500, cakudya comweco ndico cinadyetsa okumba siliva ku mgodi wa Potosí. Mpaka lero chuño cimagulitsidwa m'misika ya ku Bolivia ndi ku Peru.

Mafakitale analowa m'nchito imeneyi mwamphamvu cifukwa ca nkhondo. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, asilikari anali kutali, kutsidya kwa nyanja, ndipo kunali kupusa kudzaza sitima ndi mbatatesi yaiwisi imene mbali yace yaikulu ndi madzi. Ku Idaho, cigawo cochuka ndi ulimi wa mbatatesi, munthu wina wamalonda dzina lace J. R. Simplot analemera pogulitsa mbatatesi ndi anyezi zoumitsa kwa gulu la nkhondo la America. Asilikari anadya, koma sanaiyamikire, pakuti kukoma kwace kunali kutali ndi kwa mbatatesi ya kwao. Nkhondo itatha akatswiri anapitiriza kufufuza. Ku Wyndmoor, pafupi ndi mzinda wa Philadelphia, akatswiri awiri a unduna wa za ulimi, James Cording ndi Miles Willard, anapeza njira yopangira timamba tija, nailembetsa ku boma mu 1954. Ku Canada nako, Edward Asselbergs, wogwira nchito ya boma ku Ottawa, anapeza njira yace cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Tiyeni tilowe m'fakitalemo ndi maso a m'maganizo. Mbatatesi ikafika imatsukidwa, ndipo nthunzi yotentha imafewetsa makoko kuti asupuke. Kenaka imadulidwa mapisi, niphikidwa pang'ono, niziziritsidwa m'madzi, niphikidwanso mpaka kupsa. Mwina mukudabwa kuti aphikiranji kawiri. Cifukwa cace ndi ici: mnofu wa mbatatesi ndi wopangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono, ndipo m'kacipinda kalikonse muli sitaci, ndiye cakudya copatsa mphamvu. Tizipindato tikaphulika, sitaci amatuluka, ndipo cakudya cimanata ngati ulimbo. Kuphika pang'ono ndi kuziziritsa kuja kumalimbitsa tizipinda kuti tisaphulike msanga. Ikapsa amaikanya mosamala ndi kuipaka pa mgolo waukulu wacitsulo umene umazungulira pang'onopang'ono, mkati mwace muli nthunzi. Phala lopyapyalalo limauma mphindi imodzi isanathe, ndipo mpeni wautali umalipala licoke pa mgolo ngati pepala. Pepala limenelo akalinyenya ndiwo mamba aja. Amaonjezamo timankhwala pang'ono toteteza maonekedwe ndi fungo. Pa makilogalamu pafupifupi 6 a mbatatesi yaiwisi amapeza kilogalamu imodzi yokha, ndipo madzi otsalamo safika magawo 10 pa 100. Tizipinda tomweto ndito cifukwa cace wophika amacenjezedwa kuti asavundule mwamphamvu monga acitira ndi nsima. Akatero adzadya ulimbo.

Tsopano mungathe kuona cimene okonzekera amacikondera cakudya cimeneci. Ndi copepuka, kotero kuti munthu wothawa madzi osefukira angacinyamule pamsana. Mtengo wace ndi wocepa. Ndi cofewa, coti nkhalamba yopanda mano ndi wodwala angadye. Koma ubwino wace woposa wonse ndi wakuti cinapsa kale. Nyemba zouma zimafuna moto wa maola awiri kapena atatu, ndipo tirigu amafuna cigayo. M'nyumba ya ku Texas ija, yophikira magetsi okhaokha, thumba la nyemba silikanathandiza msanga. Mbatatesi ya m'citini imangofuna madzi ofunda, ndipo ngakhale ndi madzi ozizira imafewa ikapatsidwa nthawi, ngakhale kuti siikoma kwenikweni.

Nanga imakhala nthawi yaitali bwanji? Apa mpofunika kuchera khutu, pakuti ambiri amanyengeka. Paketi ya pepala yogula m'sitolo imalembedwa caka cimodzi kapena ziwiri. Cimene cimaiononga coyamba ndi mpweya. M'mbatatesi muli timafuta tocepa zedi, ndipo mpweya wa okosijeni ukakhudza timafutato, pang'ono ndi pang'ono cakudya cimayamba kununkha ngati nsinjiro zogonera masiku ambiri. Cinyezi cikalowa, timamba timaumbana ndipo nguwi imamera. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi, ndiponso kumadetsa maonekedwe. Kuti agonjetse mpweya, okonzekera amatsekera mbatatesi m'citini kapena m'thumba lolimba lonyezimira losalowa mpweya, ndipo asanamate amaponyamo kapaketi kakang'ono. M'kapaketimo mulibe matsenga: muli ufa wa citsulo. Mukudziwa kuti khasu likagona panja limacita dzimbiri, ndipo dzimbiri ndilo citsulo cimene cagwirana ndi okosijeni. Ufa uja umacita dzimbiri m'citinimo, ndipo pocita dzimbiri umameza okosijeni yense amene anatsalira. Kuononga kumene timadana nako pa khasu, m'citini kwasanduka mlonda.

Akatswiri a pa yunivesite ya Brigham Young, ku Utah, anasonkhanitsa zitini za mbatatesi yotere zimene mabanja anasunga m'nyumba zao, zina mpaka zaka 30, nazitsegula, naphika, napatsa anthu kuti alawe. Zotsatira zace anazifalitsa mu 2006, ndipo zinaonetsa kuti ngakhale zakalekalezo, olawa ambiri anavomera kuti pa nthawi ya tsoka angathe kuzidya. Lero mpingo uja wa ku Utah umalangiza kuti mbatatesi yotsekeredwa bwino ingakhale zaka 30, malinga ikasungidwa pouma ndi pozizira, posapitirira madigiri 24. Sungani nambala imeneyo m'mutu. M'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, zaka 30 zimenezo zingafupike kwambiri. Ndiponso zakazo ndi za mbatatesi yopanda cosakaniza. Imene anathiramo kale batala, mkaka kapena chizi kuti ikome imaonongeka msanga, cifukwa mafuta ndiwo amayamba kununkha. Motero yokoma koposa ndiyo yosakhalitsa, ndipo wogula amene sawerenga zolembedwa pa paketi adzazindikira zimenezi tsiku limene sangathenso kubwerera ku sitolo.

Tsono tifike pa masamu. Aphunzitsi, lembani pa bolodi. Mphamvu ya m'cakudya imayesedwa ndi makalori. Mabungwe othandiza anthu pa nthawi ya tsoka, monga World Food Programme, amawerengera makalori 2,100 pa munthu mmodzi pa tsiku. Magalamu 100 a mbatatesi youmayi ali ndi makalori pafupifupi 350. Funso loyamba: munthu amene alibe cakudya cina adzafuna magalamu angati pa tsiku? Gawani 2,100 ndi 350. Yankho ndi 6, ndiye kuti magalamu 600. Citini cacikulu cija, cimene cingalowe malita atatu a madzi, cimanyamula magalamu pafupifupi 800 okha, cifukwa timamba ndi topepuka. Mwaona? Citini cimene m'maso cimaoneka ngati cakudya ca sabata, ndi cakudya ca munthu mmodzi ca tsiku limodzi ndi kacigawo. Ogulitsa amakonda kulemba pa citini ciwerengero ca mbale zimene zingatuluke, koma mbale zaozo ndi tating'ono, toti mwana wa Giredi 1 angafunse kuti zina zili kuti.

Funso laciwiri ndilo mutu wa nkhani yathu. Madzi amene anacotsedwa ku fakitale ndi ngongole, ndipo ngongoleyo imabwezedwa pa tsiku lakudya. Pa gawo limodzi la mbatatesi youma pamafunika magawo pafupifupi 5 a madzi, tikayesa pa sikelo. Magalamu 600 afuna malita atatu. Tiyerekeze banja la anthu 5: pa tsiku afuna makilogalamu atatu a mbatatesi ndi malita 15 a madzi. Pa masabata awiri, ndiwo masiku 14, afuna makilogalamu 42, ndizo zitini zoposa 50, ndi malita 210 a madzi. Malita 210 ndiwo mgolo wathunthu, wonga umene mumauona pa cikuku ca ng'ombe pocokera ku citsime. Zoona, madziwo sataika, pakuti amalowa m'thupi limodzi ndi cakudya. Koma ayenera kukhalapo, ndipo ayenera kukhala aukhondo, makamaka ngati palibe moto wowawiritsira. Tsoka limene limatseka masitolo ndilo lomwe kawirikawiri limaumitsa mipope kapena kudetsa zitsime. Ku New Orleans madzi anali ponseponse, mpaka m'madenga, koma akumwa panalibe. Ku Texas anthu mamiliyoni ambiri anauzidwa kuti aziyamba awiritsa madzi, ena ao alibe cowiritsira. Munthu wothira madzi akuda m'mbatatesi yosapitanso pamoto wadziitanira yekha matenda a m'mimba. Ndico cifukwa cace boma la America, polangiza anthu ace, limachula madzi poyamba: galoni imodzi, pafupifupi malita 4, pa munthu aliyense pa tsiku, kwa masiku angapo.

Pali vuto linanso. Magalamu 600 aja akamwa malita atatu a madzi amasanduka phala loposa makilogalamu atatu ndi theka. Ndani angamalize mulu wotere tsiku ndi tsiku? Kunena zoona, alipo anthu amene anatero. Ku Ireland, caka ca 1845 cisanafike, mwamuna wosauka wogwira nchito ya kumunda anali kudya makilogalamu 5 kapena kuposa a mbatatesi yophika pa tsiku, ndi mkaka pang'ono akaupeza. Koma m'caka cimeneco matenda anagwira mbatatesi m'minda, ndipo popeza osaukawo analibe cina cogwira, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa m'zaka zotsatira, enanso oposa miliyoni nathawa m'dziko lao. Mbatatesi payokha ilinso ndi zimene imasowa. Mafuta mulibe, tingatero. Zomanga thupi zilimo, koma sizifika pa za nyemba kapena nsomba. Vitamini A mulibe, ndipo vitamini C amene ali m'mbatatesi yaiwisi amacepa pa kuphika ndi kuumitsa kuja. Mwana wamng'ono, amene kamimba kace kamadzaza msanga, angakhute phala limeneli koma thupi lace lili ndi njala. Okonzekera anzeru amadziwa zimenezi, motero amasunga pambali pace mafuta ophikira, mkaka wa ufa, nsomba ndi nyemba za m'zitini. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta imaonjezera makalori pafupifupi 120 popanda kudzaza mimba. Koma mafutawo sakhala zaka 30. Amafuna kudyedwa ndi kugulidwa ena caka ndi caka. Ncosatheka tsono kutseka cipinda ndi loko ndi kuiwala. Wosunga ayenera kulemba deti pa citini ciliconse, kudya zakale poyamba, ndi kuika zatsopano kumbuyo.

Mwina mundifunsa kuti ine ndimawaona bwanji anthu amenewa. Ndimawaona pawiri. Kusunga cakudya ndi madzi a masiku angapo ndi nzeru imene maboma eni ace amalimbikitsa: boma la Sweden linatumiza kabuku ka malangizo otere ku nyumba zonse mu 2018, nilibwerezanso mu 2024, ndipo mu 2025 bungwe la European Union linalangiza kuti anthu akhale ndi zofunika za maola 72, ndiwo masiku atatu. Banja lokonzeka motere limapeputsa nchito ya opulumutsa, amene angayambire kwa odwala ndi okalamba. Koma alipo ena amene mantha awalowa m'mafupa, amene amaunjika cakudya ca zaka pamodzi ndi mfuti, nabisa zonse kuti mnansi asadziwe. Amalonda nao aona msika m'mantha amenewo, ndipo amagulitsa zidebe za cakudya ca tsoka pa mtengo wokwera, m'menemo mbali yaikulu ili mbatatesi, mpunga ndi shuga zimene munthu akanagula mochipa pa sitolo ya pafupi. Amenewa sindiwasirira. Amene anapulumuka pa masoka amene ndachula aja, ambiri amasimba za mnansi amene anabwera ndi bwato, kapena amene anawaitana kudzaotha moto m'nyumba mwace.

Ena a inu mwakhala mukumwetulira kuyambira pamene tinali ku Andes, cifukwa mwazindikira kanthu. Inde, agogo anu akamafutsa nkhwani ndi khwanya, nayanika, nakulunga mfutso m'cikwatu, kapena akamadula cinangwa ndi kandolo kuti ziume pa thandala, akucita comwe cija cimene mgolo wa ku Wyndmoor umacita, kungoti iwo amalemba nchito dzuwa. Tinaona phindu lace mu 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko lathu m'tsoka. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo m'mizinda magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse. Nyama ya m'firiji inaola, koma kapenta, nyemba ndi mfutso sizinadziwe n'komwe kuti magetsi azima. Cilala ndi tsoka la miyezi, losiyana ndi mkuntho wa masiku atatu, ndipo zitini za m'cipinda cimodzi sizingathe kulimbana nalo. Masamu athu aja aonetsa kale zimenezi. Sindikutumani tsono kukauza makolo anu kuti akagule mbatatesi ya kunja.

Pali cenjezo limodzi limene ndifuna aphunzitsi alimve bwino, cifukwa masiku ano anthu amaona njira za okonzekera pa mafoni nafuna kutsanzira. Kutsekera cakudya mopanda mpweya ndi kwa zinthu zouma kotheratu zokha, zimene madzi ace safika magawo 10 pa 100. Kulipo kacilombo kena kamene kamakula bwino pamalo a cinyezi opanda mpweya, ndipo poizoni wace amabweretsa matenda ochedwa botulism, amene amafooketsa minofu mpaka munthu kulephera kupuma. Cakudya coumitsa pakhomo, cimene mwina mkati mwace mukali cinyezi, cisatsekeredwe ndi timapaketi ta citsulo tija. Ndipo citini ciliconse cotupa, cobooka kapena codontha, cikhale ca nsomba kapena ca nyemba, citayidwe osalawa.

Nayi nchito yoti mucite m'kalasi sabata ino. Pezani theka la kilogalamu ya mbatatesi; ngati palibe, kandolo acita. Bwerekani sikelo kwa wogulitsa pa msika kapena ku cipatala ca pafupi. Sendani, dulani mapisi opyapyala, yesani pa sikelo, ndi kulemba kulemera kwace pa bolodi. Gawani mapisiwo pawiri. Gawo limodzi aphunzitsi aliviike m'madzi owira kwa mphindi zinai, pakuti ana asayandikire mphika. Gawo linalo lisiyeni laliwisi. Yanikani magawo onse awiri pa thandala, mosasakaniza, mutaphimba ndi kansalu kopyapyala kuti nchenche zisatere, ndipo madzulo muzilowetsa m'nyumba poopa mame. Tsiku lililonse yesani pa sikelo ndi kulemba. Tsiku limene nambala idzaleka kutsika, ndipo kapisi kakuthyoka kuti thyo m'malo mopindika, kuuma kwatha. A Giredi 6 ndi 7 awerengere kuti pa magawo 100 acoka magawo angati. A magiredi ang'ono ayang'ane maonekedwe: ndi gawo liti lada, ndipo ndi liti lasunga kuyera kwace? Pomaliza tengani mapisi 10 ouma, muwayese pa sikelo, muwaviike m'kapu ya madzi usiku wonse, ndipo m'mawa muwayesenso, kuti muone madzi amene amwa. Zoyesera zimenezi si zakudya. Mukatha nazo muzitaye ku dzenje la manyowa.